Nkhokwe ya Nzeru ya ku Tikusungireni

Mu ufumu wa Tikusungireni chinthu chikangotchedwa chuma kunyumba ya mfumu, mwini wake ankayamba kutsanzikana nacho. Sikuti ankalanda, ayi ndithu. Mfumu Mkokakoka Wachitatu sinalandepo kanthu ka munthu chibadwire. Iyo inkangokusungira. Chaka chomwe mbuzi zinatchedwa chuma cha dziko, asilikali anazungulira makola onse n'kuzikusira kukhola lachifumu kuti zikasungidwe bwino, ndipo zinasungidwadi bwino kwambiri moti mpaka lero palibe amene anazionanso. Mtedza unapita momwemo. Njinga nazo zinatsatira.

Tsono chaka china mfumu inapita kutsidya la nyanja kumsonkhano wa mafumu anzake. Inabwerako ndi chikwama chaulere, kapu yolembalemba ndi mawu atsopano m'kamwa. Isanavule n'komwe nsapato, inaitanitsa nduna zonse kubwalo la ku Pampando.

"Nduna zanga, tatsalira!" inatero mfumu ikumenya patebulo. "Anzathu kunjaku anasiya kalekale kulemera ndi khasu. Masiku ano dziko limalemera ndi nzeru. Zomwe munthu akudziwa m'mutu mwake, chimenecho ndiye chuma. Ife takhala tikuthamangitsana ndi mbuzi, chonsecho chuma chenicheni chikungoyendayenda m'misewu chopanda ndi chipewa chomwe!"

Nduna zinawomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Kenaka anadzuka a Dyeranitu, nduna yomwe inayang'anirapo mbuzi, mtedza ndi njinga zomwe, ndipo thupi lawo linkachitira umboni.

"Wamkulukulu, mwalankhula ngati mvula yoyamba," anatero akugwada pang'ono, pomwe mimba inawalolera. "Koma ine nkhawa yanga ndi imodzi. Chuma sichisiyidwa pamtetete. Chimanga timaika m'nkhokwe. Nanga nzeruzi, anthu akungozimwaza chonchi, uyu kuuza uyu, aphunzitsi kugawira ana ulere m'mawa uliwonse, kodi zitsala?"

Bwalo lonse linagwira pakamwa. Zoonadi, dziko linkatayika anthu akuona! Tsiku lomwelo lamulo linatuluka: pamwamba pa phiri la Pampando pamangidwe Nkhokwe ya Nzeru, yolukidwa ndi nsungwi monga mwa makolo, ndipo aliyense wodziwa kanthu akasungidwe m'menemo. A Dyeranitu anakhala Nduna ya Chuma cha M'mutu.

Lamuloli linafika pamsika wa Manong'onong'o, m'munsi mwa phirilo, kudzera pa kawailesi ka a Lufeyo Kambalame, ometa anthu pansi pa mtengo wa mkuyu. A Lufeyo anali munthu yemwe pakamwa pake pankathamanga kuposa lumo lake. Ukakhala pampando wawo unkadzuka wopanda tsitsi, koma utamva chifukwa chomwe mvula yachedwera, chomwe azungu amadya akadwala chimfine, ndi chomwe ndege simagwera ikamadutsa pamanda. Zambiri mwa izi zinkabadwira pansi pa mkuyu pomwepo. Koma chibadwire chawo a Lufeyo anali asananenepo kuti "sindikudziwa". Mawu amenewo ankawaona ngati kutukwana.

Atamva lamulolo anazimitsa wailesi, n'kuwongola kolala.

"Ine ndimadziwa kuti tsikuli lidzafika," anauza munthu yemwe ankamumeta. "Konzekani kupeza wometa wina, achimwene. Oyamba kutengedwa pamsika pano mukuwaona."

Otolera nzeru anabwera ndi lole. Anatenga aphunzitsi onse, dokotala wa pachipatala, namwino Mayi Nankhoma amene analandira theka la ana a pamsikapo, amakaniko, mmisiri yemwe ankakonza mlatho, ngakhalenso mayi wina yemwe ankatha kusiyanitsa bowa wodya ndi wakupha. Atafika pa mkuyu, a Lufeyo anali atavala kale jekete. Anawalandira ndi nkhani ya momwe dzuwa limagonera kuseri kwa phiri. Mkulu wa otolerawo anamvetsera kwa kanthawi, anakanda m'khutu, n'kuuza anzake kuti, "Tiyeni, awa ndi mankhusu."

Mankhusu! Msika wonse unamva. A Lufeyo anavula jekete lija mtima ukuwawa ngati aponda pamoto, ndipo tsiku limenelo anameta anthu mwakachetechete koyamba m'moyo wawo. Akazi awo, a Nagama, atamva nkhaniyi anaimba nthungululu pakhonde. Nthungululu ya a Nagama inali yodziwika, inkakwera bwinobwino kenaka n'kuthyoka kumapeto ngati tambala wongophunzira kulira.

"Mukusangalala kuti andinyoza?" anafunsa a Lufeyo.

"Ndikusangalala kuti mugona m'nyumba, bambo ake Esinala. Anzanu anzeruwo agona pathandala."

Ankanena zoona. M'nkhokwemo anthu anawasanja pa mathandala, ophunzira kwambiri pamwamba, ena pansi. Kulankhula kunali koletsedwa, poti a Dyeranitu anafufuza n'kupeza kuti nzeru zimatulukira pakamwa. Mwezi uliwonse ankawawaza phulusa kumutu poopa anankafumbwe, ndipo Lachisanu lililonse ankawatulutsa n'kuwayanika padzuwa kuti asachite nkhungu. Thandala likadzaza, wailesi inkaimba ng'oma n'kulengeza kuti chuma cha dziko chakweranso, ndipo maiko oyandikana nawo akusowa tulo ndi nsanje.

Anthu a ku Tikusungireni si ana. Mbuzi ankazibisa kunsi kwa bedi, nzeru anazibisa kunsi kwa lilime. Ukafunsa mayi wa tomato kuti tomatoyu ngwakuti, ankayang'ana mulu wake modabwa n'kunena kuti, "Kani ndi tomato? Ine ndimangoona zofiira." Kondakitala wa minibasi ukamufunsa komwe akupita ankati, "Kwerani, tikaonera limodzi." Telala anayamba kusoka mabuluku mwendo umodzi wautali, kuopa kuoneka waluso. Mlatho wa pamtsinje unagwa, ndipo anthu ankavula nsapato n'kuwoloka osafunsa kanthu. Munthu wina atafunsidwa dzina ndi msilikali anayankha mwaulemu kuti akafunsa kaye kunyumba.

Pamsika ponsepo amene anatsala akudziwabe zinthu anali a Lufeyo okha. Ankakweza mawu lole ya otolera ikamadutsa, kufotokoza za nyenyezi ndi za matenda a nkhumba, koma loleyo sinkachepetsa n'komwe liwiro.

Mwana wawo Esinala anali woyembekezera, mimba yoyamba, ndipo anali atabwera kwa amake kudzadikira nthawi yake. Lachisanu lina m'mawa a Lufeyo akunola lumo, anaona a Nagama akubwera chothamanga, opanda mpango kumutu.

"Bambo ake Esinala, matenda akula. Wayamba m'bandakucha, ndipo sizikuyenda." Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu, poti zomwe ankafuna kunena zinali nzeru. "Ndagwira pamimba. Mwana wagona mopingasa."

"Mwaitana amayi akuluakulu?"

"Ndagogoda makomo onse. Aliyense akuti sakudziwa kuti ana amabadwa bwanji. Wina wandiuza zimenezo atabereka mwana kumbuyo, wina ali m'manja. Kuchipatala kuli loko. Amene angamutembenuze mwanayu ndi Mayi Nankhoma okha, ndipo ali kuphiriko akuyanikidwa ngati chinangwa."

Pakamwa pa a Lufeyo panatseguka pokha monga mwa masiku onse. "Zimenezo n'zosavuta, ine ndikudziwa. Kumaiko akunja amangotenga madzi ofunda, kenaka..."

"Lufeyo!" A Nagama anali asanawatchulepo dzina chikwatiraneni. "Uyu ndi mwana wathu. Lero lokha, chonde, musadziwe."

Anatembenuka n'kubwerera kunyumba. A Lufeyo anatsala ataima ndi lumo m'manja. Anafufuza m'mutu mwawo monse, momwe munali ndege, nyenyezi ndi chimfine cha azungu, ndipo sanapezemo kanthu kamodzi komwe kakanathandiza Esinala. Anachita mantha, mantha enieni, oti munthu umamva mpaka m'mano.

Nthawi yomweyo galimoto lakuda linaima pa mkuyu, ndipo munatuluka a Dyeranitu, tsitsi lili nyankhalala. Wometa wa kunyumba ya mfumu anali atasungidwa kale m'nkhokwe, poti ankadziwa kumeta.

"Iwe, ndimete msanga," inatero nduna ikudzigwetsa pampando. "Mawa kukubwera alendo akunja kudzaona chuma chathu. Akuti sanamvepo dziko lomwe linasonkhanitsa nzeru zake zonse malo amodzi. Ndipo undimete mwakachetechete, ndamva mbiri yako."

A Lufeyo anamanga nsalu m'khosi mwa nduna. Anameta mbali imodzi. Ndiye poyang'ana mutu waukuluwo, wosalala ngati dzungu, chinthu china chinawafikira. Choona analibe, koma bodza ndiye linali munda wawo.

Anatenga chipeso n'kugogoda pamutu pa nduna. Go, go.

"Ukutani iwe?"

"Pepani, olemekezeka, ndi chizolowezi. Wanuwu ngwodzaza, palibe nkhawa. Ndimangoganiza za alendowo. Paja iwo akafika pankhokwe sayang'ana ndi maso, amagogoda mitu."

"Amagogoda?"

"Kumaiko akunja ndi momwe amayezera. Mutu wabwino umalira kuti di, di. Koma womwe alowamo anankafumbwe umalira kuti pho, pho. Kunja munthu amaoneka bwinobwino, m'kati mwatsala ufa wokhawokha. Ndipo mukudziwa khalidwe la anankafumbwe, olemekezeka, akalowa m'chitsononkho chimodzi, mawa nkhokwe yonse yapita. Dziko lina mfumu inachita manyazi pamaso pa alendo, ndipo nduna yoyang'anira nkhokwe anaisunga iyo yomwe m'nkhokwemo."

A Dyeranitu anadzuka nsalu ili m'khosi, mutu wometedwa mbali imodzi. "Koma timawawaza phulusa!"

"Phulusa limagwira akunja. Am'kati amamveka ndi khutu lozolowera basi."

"Kwera galimoto," inatero nduna.

Pabwalo la nkhokwe anapeza chuma cha dziko chitayanikidwa pa mikeka, mizeremizere, mitu ili mbuu ndi phulusa. Msilikali ankayendayenda ndi ndodo, kuwatembenuza kuti aume mbali zonse. A Lufeyo anayamba ndi mzere woyamba, nduna ikuwatsata pambuyo ikupuma mwa befu. Anagogoda dokotala. "Wodzaza." Anagogoda makaniko. "Wodzaza, koma muziwaza kwambiri kumbuyoku." Ankafulumira, maso ali kwa mayi wa imvi yemwe anakhala kumapeto kwa mkeka.

Atafika pa Mayi Nankhoma anawerama ngati akutchera khutu pamutu pawo.

"Mayi," ananong'ona, "Esinala matenda akula, mwana wagona mopingasa. Mundikhululukire zomwe ndinene pano."

Mayi Nankhoma sanagwedezeke, koma zala zawo zinafinya mkeka. A Lufeyo anagogoda, n'kudumpha chobwerera m'mbuyo.

"Kalanga ine! Olemekezeka, imani patali! Muno mwatha, mwatsala gaga yekhayekha. Ndikuwamva akuyenda m'katimo!"

Kunena zimenezo za mayi yemwe anamulandira Esinala yemweyo tsiku lobadwa kunawawawa a Lufeyo, koma anakweza mawu kuti phiri lonse limve. Nduna inaphimba mphuno ndi nsalu yometera ija.

"Tiyese kaye," inatero. "Mayi, ndakulolezani kulankhula kamodzi. Ana amachokera kuti?"

Mayi Nankhoma anayang'ana nduna m'maso, nkhope ili phee. "Amawatola kudambo, bwana."

"Mayo! Afumbwadi! Chotsani, chotsani msanga, akatayidwe kudzala asanapatsire ena!"

Asilikali anawakweza pa wilibala n'kuwakankhira kuseri kwa mpanda. Wilibalayo isanaime n'komwe, a Lufeyo anaona mayi wa imvi uja atakwinyira chitenje m'mawondo, akutsetsereka phiri ngati mtsikana, kulunjika kumsika. Mtima wawo unatsika pang'ono.

Atatembenuka anapeza maso onse a pa mikeka ali pa iwo. Anthu omwe anathera zaka kusukulu ankawayang'ana mopempha, aliyense akusendeza mutu wake kufupi ndi chipeso. Aphunzitsi a Mpinganjira, omwe anaphunzitsa msika wonse kuwerenga, ananong'ona milomo ili youma, "A Kambalame, inenso ndikumva kuyabwa m'katimu."

A Lufeyo anagogoda. "Awanso, olemekezeka, akumveka ngati..."

"Basi!" inakuwa nduna. "Ukufuna kutha chuma cha dziko? Mmodzi ndi ngozi, awiri ndi kugwa kwa chuma, ndipo wailesi ilibe nyimbo ya zimenezo." Inayang'ana malo omwe anasiya Mayi Nankhoma, n'kuyamba kutuluka thukuta. "Taonani tsopano, pathandala patsala mpata. Alendo akaona mpata adzati tikubwerera m'mbuyo."

Kenaka inatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana a Lufeyo kuyambira kumapazi mpaka kumutu, momwe inkayang'anira mbuzi zaka zija.

"Koma iwe. Munthu womva anankafumbwe ali m'kati mwa mutu wa mnzake! Nzeru zoterezi zakhala zikungowaukira pansi pa mkuyu? Ndani anakusiya?"

"Anati ndine mankhusu, olemekezeka," anatero a Lufeyo mofulumira, ndipo koyamba mawuwo anawakomera m'kamwa. "Ndipo sananame. Funsani msika wonse. Ndine wabodza wodziwika."

"Kudzichepetsa! Ndi momwe amakhalira anzeru enieni. Muwazeni phulusa."

"Ndikangoona mwana wanga kaye, bwana, ali pakati pa moyo ndi imfa. Ndibwera ndekha, ndikulumbira."

"Chuma sichipita kukaona odwala," inatero nduna, n'kukwera galimoto mutu uli wometedwa mbali imodzi.

Dzuwa litapendeka anawalowetsa onse m'nkhokwe. A Lufeyo anawaika pathandala lapansi, pamalo pa Mayi Nankhoma, pafupi ndi aphunzitsi a Mpinganjira. Ulemu womwe anaulirira miyezi yonse ija unali utafika, ndipo unkanunkha phulusa ndi thukuta la anthu. Sanauganizire n'komwe. Anakanikiza khutu pa nsungwi, kumvetsera kumunsi kwa phiri. Kunkamveka minibasi zosadziwa komwe zikupita, agalu, ndi mtondo wa munthu wina. Ankadziwa kuti kuchokera kunyumba kwawo kumveka chimodzi mwa ziwiri, maliro kapena nthungululu, ndipo anapemphera mosatulutsa mawu, poti ngakhale pemphero linali loletsedwa.

Ndiye inamveka. Inayambira pansi, n'kukwera, n'kukwera, kenaka n'kuthyoka kumapeto ngati tambala wongophunzira kulira. Nthungululu ya a Nagama! Inabwerezanso, ndipo amayi ena anailandira, omwe aja osadziwa kuti ana amabadwa bwanji.

A Lufeyo analira. Misozi inatsika n'kujambula mizere paphulusa la kumaso kwawo.

Aphunzitsi a Mpinganjira anasendera pafupi. "Wachira mwana wanu," ananong'ona. "Mwakhala agogo, a Kambalame. Ndi mwana wanji?"

Pakamwa pa a Lufeyo panatseguka monga mwa masiku onse. Tsiku lina akanafotokoza kuti nthungululu ya mwana wamwamuna imasiyana ndi ya wamkazi, ndipo akanatchula ndi dziko lomwe anafufuza zimenezo. Koma uyu anali mdzukulu wawo, ndipo sanafune kumunamizira pa tsiku lake loyamba.

"Sindikudziwa," anatero.

Mawuwo atangotuluka anamva kupepuka kwake, ndipo anaona khomo lotulukira m'nkhokwemo. Anadzuka pathandala n'kugwira nsungwi ndi manja awiri.

"Sindikudziwa!" anakuwa. "Asilikali, imvani! Sindidziwa kanthu ine! Za ndege ndinapeka, za anankafumbwe ndapeka lero lomwe! Ngakhale mdzukulu wanga sindikumudziwa! Ndafumbwa, kanditayeni kudzala!"

Mkulu wa alonda anabwera ndi anzake awiri, n'kuima patsogolo pa thandala. Anamvetsera mofatsa, akugwedeza mutu ngati munthu wolawa mowa wakupsa bwino.

"Mwamva, anyamata?" anatero. "Ine ndalondera kubwalo la mfumu zaka zambiri. Nduna zikafunsidwa komwe kunapita mbuzi, zimayankha chimodzimodzi, mawu ake omwewa. Awa si a thandala lapansi ayi, akhwima. Akwezeni pamwamba penipeni, alendo akayambire pa iwo."

Anawakweza ndi makwerero, ndipo makwererowo anawachotsa. Madzulo ake wailesi inaimba ng'oma n'kulengeza kuti chuma cha dziko chafika pomwe sichinafikepo.

Pathandala lapamwamba panali kampata pakati pa nsungwi, ndipo munthu ukaika diso unkaona msika wonse wa Manong'onong'o, mkuyu, mpando wopanda mwini, ndi denga la nyumba ya a Lufeyo. Kuyambira mawa lake, pachingwe cha kuseri kwa nyumbayo panayamba kuoneka matewera. A Lufeyo ankawayang'ana tsiku lonse ali chete, koma matewera sanena ngati mwini wake ndi mnyamata kapena mtsikana.